Kachikumbu Kopanda Khosi

Iwe Tadala, chotsa chala pamenepo, usakaphwanye. Kasiye kayende palichero pomwepo, ndipo nonsenu sendererani kuno mukaone bwino. Yusufu watulutsa kale foni, ati akajambule kuti foniyo imuuze dzina lake. Jambula, mwana wanga, koma ikakupatsa dzina la Chizungu lalitali ngati msewu wa ku Salima, ubwere undifunse ine zimene kachikumbu aka kadandichita. Ana inu mayina a zinthu mumawadziwa, koma kuyang'ana chinthu mpaka kuchiona simutha.

Taonani. Kutalika kwake sikaposa njere ya mpunga wosapuntha, kungoti nkonenepako. Mutu ndi mapewa nzofiirira ngati dothi la katondo, msana ndi wakuda bii, wonyezimira, wopanda mzere ngakhale umodzi. Tinyanga take ndi towonda ngati ulusi. Tsopano kafuneni khosi. Palibe eti? Mutu wangolowa m'mapewa, monga amachitira Tadala tikamutuma kukatunga madzi. Gwedeza licherolo pang'ono. Mwaona, kadzigwetsa chagada n'kukhala ngati kafa, pamene kali moyo. Ife tinkangoti tizikumbu ta chitambe, poti ntchito yake ndi kuboola masamba a khobwe ndi a nyemba mvula ikayamba. Musunge zimene mwaonazi, chifukwa kudatsala pang'ono kuti ndife kaamba ka kachikumbu aka, ndipo ndikadafa, palibe mmodzi wa inu akadakhala pamphasa pano.

Ine kwathu ndi ku Benga, mukudziwa. Agogo anu aamuna adanditenga chitengwa kubwera nane kuno dziko lidakali m'manja mwa Azungu, boma lino likutchedwa Kota Kota. Lero mumakwera minibasi, musanamalize chimanga chootcha mwafika, n'kumadandaulabe kuti mipando njolimba. Ife tidayenda masiku awiri, mtolo pamutu, mchenga ukuotcha kumapazi, pa Chia n'kuwoloka pabwato lobooka lomwe ndinkakapa madzi ndi chikho mpaka tsidya. Choncho mtengwa akagwa m'mavuto kuno, kwawo kudali kutali kwenikweni.

Pakhomo ndidapeza mkazi wamkulu, Asiyatu, ali ndi mwana mmodzi wamkazi, Mwanaisha, wa zaka ngati zinayi. Asiyatu sadali munthu woipa, ndinene zoona, koma mitala ndi mitala. Inenso pakamwa panga padali pakuthwa, ndipo mukudziwa nokha kuti mpaka lero sipadabunthe.

Apongozi aakazi adali atamwalira. Mkulu wa pakhomo adali apongozi aamuna, a Selemani. Paunyamata wawo ankagwira ntchito m'zombo za matanga zowoloka nyanja, ndipo atakalamba ndiwo ankaitana azana, kuitanira anthu ku mapemphero, pamzikiti waung'ono wa kwathu kuno. Anthu ankawalemekeza kwambiri. Ine nkhope yawo sindinkaiyang'ana, ndiwo udali mwambo. Tikakumana panjira ndinkapatuka, kugwada n'kufulatira, iwo n'kudutsa akutsokomola. Chakudya ndinkachiika pakhonde n'kuchoka. Osati za lerozi, mpongozi ndi mtengwa kupanikizana panjinga imodzi ya kabaza akuseka.

Tsopano mumve cholakwa changa, poti chidalipo. Dzinja langa loyamba pano ndidafuna kuonetsa kuti wa ku Benga ndi wachangu. Asiyatu akafutsa chikwatu chimodzi cha masamba, ine ndinkafuna ziwiri. Mayi anga adandiphunzitsa kuti chitambe ukathyola uchiyale kaye padzuwa, uchikutumule tizikumbu tigwe, kenako ndiye uchiwiritse. Ine ndinkathyola kukali mame, tizikumbu titakakamira m'masamba chifukwa cha kuzizira, n'kungokhuthulira mumphika. Ndidayanika, ndidakulunga mfutso wanga m'masamba a masuku, ndidapachika zikwatu kudenga, n'kumayenda modzitukumula. Kuthamanga si kufika, ana inu.

M'dzinja lomwelo, khobwe atachita maluwa, ndidaona chinthu chimene sindinkayenera kuona. Ndidalawirira kumunda, ndipo ndidapeza apongozi ali m'mizere, kachitini kudzanja, akutola adzodzwe pamaluwa ndi timitengo tiwiri. Dzodzwe ndi chikumbu chachitali ngati theka la chala, chakuda, chokhala ndi mizere yachikasu kapena yofiira yopingasa pamsana. Ukamugwira amatulutsa timadzi totupitsa khungu matuza ngati wapsa ndi phala. Akaumitsidwa n'kusinjidwa, pang'ono pokha m'ndiwo munthu amakodza magazi, mwina kufa kumene. Ndiye osunga dzodzwe adali amitundu iwiri: wofuna kupha mnzake, ndi mwamuna wodzichiritsa mwakabisira matenda aja otengera m'madoko, amene sindingawatchule Tadala ali pano. Mankhwala opusa, adapha amuna ambiri kuposa amene adawachiritsa. Ndidagwada n'kufulatira. Apongozi adaima kanthawi, adatsokomola, n'kumapita. Adadziwa kuti ndaona, ndipo ine sindidauze munthu.

Titakolola mpunga, agogo anu adanyamuka ulendo wa ku Halale kukagwira ntchito m'minda ya fodya, kundisiya ndili ndi pakati pa bambo anu aakulu. Miyezi ya mwera idafika, ndipo chaka chimenecho mphepo idawomba masiku ambiri osapuma, mabwato onse ali pamtunda. Usipa kudalibe, ndiye tidayamba kutsitsa zikwatu. Tsiku lina Asiyatu adapita kumaliro n'kundisiyira Mwanaisha. Ndidaphika mfutso wanga wotendera, mwana adadya ndi kondowole mpaka kamimba kuti nga. Ine sindidadye nawo, chifukwa masiku amenewo fungo la nsinjiro linkandichititsa nseru.

Kutacha mwana adadzuka thupi lili moto, akusanza, ndipo mkodzo wake udali wofiira. Asiyatu adathamangira kukhitchini kwanga, adavundukula mphika n'kuyamba kufufuza zotsala ndi chala. Adatulutsa tizidutswa takuda ndi tofiira, ndi timiyendo, n'kutiika pachikhatho. Sadakuwe ayi. Adangondiyang'ana n'kunena kuti, "Dzodzwe."

Apo madzi adachita katondo. Anthu adadzaza pakhomo, ndipo aliyense adakumbukira kanthu. Wina adati ine sindidadye nawo ndiwozo. Wina adati ndili ndi pakati, ndiye ndikufuna wanga adzakhale yekha pakhomo. Wina adakumbutsa kuti titakangana pamtondo masiku apitawo ndidamuuza Asiyatu kuti asanyadire mwana mmodzi ngati ndi iye yekha wodziwa kubala. Ndidanenadi, sindikana. Mawu amene udalankhula ukupsa mtima amabwerera pa tsiku loipa.

Masana adafika mlongo wake wa Asiyatu, a Chimbalanga, kuchokera kwa Malengachanzi. Iwo ndiwo adali malume a mwanayo, mwini mbumba, ndipo pa nkhani ya mwana mawu awo ankaposa a wina aliyense. Adayang'ana tizidutswa tija kamodzi kokha n'kunena kuti mlanduwu suyenera kupita kuboma, mwabvi ndiwo uweruze. Inu mwabvi mumangoumva. Ndi khungwa la mtengo, amalisinja m'madzi n'kukumwetsa. Ukasanza ndiwe wosalakwa, ukafa ndiye kuti udalakwa. Azungu adali ataletsa, koma anthu ankachitabe kutchire mwakachetechete. Apongozi adati zimenezo ndi haramu, zoletsedwa m'chipembedzo, ndipo mwana apite naye kuchipatala. A Chimbalanga adayankha kuti mwana sachoka pakhomo mpaka wothira aulule chimene wathira, ndipo woletsa mwabvi ndiye kuti akudziwapo kanthu. Adali atatuma kale munthu kukaitana mapondera, mkulu wosinja mwabviyo, kuti afike m'mawa mwake.

Ndidaopa, ana inu. Wapakati ngakhale ausanze mwabvi, mimba siikhala. Kukana kumwa kudali kuvomera mlandu. Kuthawira ku Benga ndi mimba ya miyezi isanu, akadandipeza ndisanafike pa Chia. Mwamuna kulibe, malume anga sakudziwa kanthu.

Ndidalowa m'nyumba, ndidatsitsa chikwatu china n'kuchimasula palichero. Nditafufuza ndidatipeza, tizikumbu ta chitambe, touma, tina tathunthu, tina tophwanyika. Manyazi ndi chimwemwe zidandigwira pamodzi, poti ndidaona kuti cholakwa changa ndi uve, osati kupha. Koma touma tija tidali titafota, miyendo itapindika, ndipo munthu wokwiya akadangoti ndi adzodzwe osinja. Padafunika kamoyo, ndipo m'chilimwe masamba a khobwe kulibe.

Apo ndidakumbukira mayi anga. Tikamasosa munda wa khobwe mvula isanagwe, ankatola timibulu ta dothi n'kutiswa ndi chikhadabo kuti andionetse. Ankati tizikumbuti sitichokera kumwamba ndi mvula monga anthu amanenera, timagona pansi pomwepo kudikira chinyezi. Ndidatenga khasu. Anthu adandiona ndikupita, ndipo ndidamva wina akuti taonani, akukakumba mankhwala oti asanze nawo mwabvi. Sindidacheuke.

Nthaka ya chilimwe inu simunailimepo. Khasu linkangodumpha. Ndidakumba m'mizere yakale, pomwe padali mapesi a khobwe, ndikugwada, kuswa chibuma chilichonse ndi manja. Mzere woyamba palibe, wachiwiri palibe. Ndidayamba kuganiza kuti mwina za mayi anga nza ku Benga kokha. Zikhatho zidatupa, msana ukuwawa, mwana m'mimba akuponda. Pa mzere wachinayi ndidatola kambulu kosalala ngati nzama. Nditakaswa, kachikumbu kadali m'kati kali phee, mapewa ofiirira, msana wakuda. Kadatambasula kamwendo kamodzi. Ndidalira pomwepo ndekha, kenako ndidakumbabe mpaka ndidapeza tingapo n'kutitsekera m'chikho.

M'mawa mwake anthu adakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna uko, akazi uku. Mapondera adali atafika, kamdala kowonda, katakhala patali pang'ono ndi thumba lake pamiyendo, kakudikira kuti tinyamuke kupita kutchire. M'nyumba Mwanaisha ankabuula. Ndidapempha kuti ndilankhule ndisanapite, ndipo a Chimbalanga adati ndilankhule msanga.

Ndidatenga mbale yoyera yachitsulo n'kuiika pakati. Mbali imodzi ndidaika tizidutswa ta mumphika, pakati touma ta m'chikwatu, mbali inayo tamoyo ta kumunda. Ndikuyang'ana pansi ndidawapempha aone kuti phiko la mumphika ndi la kamoyoko nlimodzimodzi, lakuda, lonyezimira, lolimba, lopanda mzere. Ndidaulula pamaso pa onse kuti ndidafutsa masamba osakutumula. Amayi ena adasendera n'kuvomereza kuti tizikumbuti amatidziwa.

A Chimbalanga adatigwedeza ndi kamtengo n'kuti, "Awa ndi ana a dzodzwe, sanakule chabe. Mizere imabwera akakula."

Ndidati, "Bambo, mwana wa mbuzi amabadwa ndi khosi. Dzodzwe ali ndi khosi, aka kalibe. Abwere dzodzwe weniweni timuike pambali, aliyense aone yekha."

A Chimbalanga adaseka, koma kudali kuseka kopanda chimwemwe. Adati mwezi uno dzodzwe sapezeka pena paliponse, ndipo munthu wosunga dzodzwe m'chilimwe pamudzi pano ndi mmodzi yekha, ndiye ineyo. Atatero adakodola mapondera kuti aimirire.

Ana inu, mawu adafika pamlomo. Ndikadangoti kachitini kali m'nyumba umo. Koma mtengwa aulule manyazi a apongozi ake pagulu? Ndiponso ndani akadandikhulupirira? Kuchokera pomwe ndidagwada ndinkaona mapazi a apongozi okha, m'nsapato zawo zamatabwa zija. Ndidawayang'ana mapaziwo, ndikuluma lilime mpaka kumva magazi. Amayi awiri adandigwira m'khwapa kuti andidzutse. Mapazi aja adasuntha, adaimirira, n'kulowera kunyumba. Ndidati basi, akuchoka kuti asaone.

Tisanafike pampanda tidamva kutsokomola kumbuyo. Apongozi adabwera pang'onopang'ono, adakhala pamphasa, adavula chingwe cha kiyi wa bokosi lawo n'kuchiika pansi, kenako adaika kachitini pambali pa mbale ija n'kukatsegula. Mudali adzodzwe ouma, odzaza mpaka pakati.

Anthu adasuzumira m'kachitinimo. A Chimbalanga ndiwo adayamba. "Nanga a Selemani, zimenezi mumasungiranji?"

"Mukudziwa chimene mwamuna amasungira," adatero apongozi, mawu ali pansipansi. "Nzanga, ndipo manyazi ake ndi anga. Kiyi sachoka m'khosi mwanga, mtengwayu sadakhudzepo. Tsopano lekani kuyang'ana ine, yang'anani m'mbale."

Amayi ena adagwira pakamwa, amuna adazolika. Apongozi adatola dzodzwe mmodzi ndi timitengo n'kumugoneka pafupi ndi kachikumbu kanga. Pamenepo ngakhale wakhungu akadasiyanitsa. Dzodzwe ndi wamtali, wowonda, mutu wake uli patali ndi mapewa, khosi likuonekera poyera. Mapiko ake ndi ofewa ngati tsamba louma, mizere yachikasu itapingasa. Nyanga zake nzazifupi, zonenepa kunsonga. Adafunafuna m'kachitini n'kutulutsa wamng'ono kuposa onse, ndipo nayenso adali ndi khosi ndi mizere yake. Adati zaka zonse akhala akutola, sadaonepo dzodzwe wopanda khosi.

A Chimbalanga adali munthu wosagonja msanga. Adati chabwino, mwina si dzodzwe, koma ndani akudziwa ngati kakang'onoko kalibe ululu womwewo? Apongozi sadatsutse. Adapinda manja a mkanjo wawo. Adaphwanya dzodzwe mmodzi pakamwala ndi dontho la madzi n'kupaka pamkono wamanzere. Adaphwanya tizikumbu tanga, tamoyo ndi ta mumphika tomwe, n'kupaka pamkono wamanja. Mikono yonse adamanga ndi tinsanza. Adati tidikire mpaka alasiri, swala kapena kuti pemphero la dzuwa litapendeka, ndipo ngati wamanja utupe, mwabvi adzamwa ndi iwo pamodzi nane.

Tsiku lalitali ngati limenelo sindinalionenso. Palibe adachoka, palibe adaphika. Mapondera adakhalanso pansi n'kumasinza, thumba atalikumbatira. Ine ndidakhala padzuwa, dzanja pamimba, ndikudzifunsa ngati ndikukadziwadi kachikumbuko. Kuti si dzodzwe ndinkadziwa, koma za m'kati mwake ndani adayesapo? Nthawi iliyonse apongozi akakanda mkono ndinkasuzumira kuti ndi uti. Masana azana idamveka kumzikiti, koma mawu adali a munthu wina. Nkhani idali itafika kale kumeneko. Apongozi adangoweramitsa mutu.

Mthunzi wa mango utafika pankhokwe, adapempha madzi otawazira, oti asambe asanapemphere. Palibe adasuntha, ndiye ndidadzuka ine. Ndidagwada pafupi nawo ndi chikho, kuyandikira kumene ndidali ndisanachitepo. Adamasula nsanza ya kumanzere. Padali thuza lalikulu ngati dzira la nkhunda, khungu lozungulira litafiira. Adamasula ya kumanja. Padali kadothi chabe. Ndidathirapo madzi, kadachoka, khungu lidali losalala.

Woyamba kudzuka adali Asiyatu. Sadafunse mlongo wake. Adalowa m'nyumba, adabereka Mwanaisha, n'kuyamba kuthamanga njira ya kuchipatala. Kumeneko adati ndi malungo, ndipo magaziwo ndi likodzo, lomwe ana ambiri osamba m'madambo a mpunga adali nalo. Adachira. Ndi azakhali anu a ku Dwangwa aja ankakubweretserani nzimbe. Mapondera adachoka osatsazika. A Chimbalanga sadapepese mpaka kumwalira kwawo, ndipo ine sindidawakhululukire msanga, ndisakunamizeni. Asiyatu nayenso sadatchulepo za tsikulo, koma nditachira ndi iye adanditemera nkhuni mwezi wathunthu.

Amene adalipira ndi apongozi. Azana sadaitanenso. Palibe adawaletsa pamaso, kungoti nthawi ikakwana ankapeza wina waima kale. Amuna a pabawo ankatsitsa mawu iwo akamadutsa, akapitirira n'kuseka. Munthu amene ankakhala mzere wa kutsogolo adayamba kuswali kumbuyo, pafupi ndi khomo. Thuza lija lidaphulika n'kusanduka chilonda, ndipo litapola lidasiya chipsera choyera, chozungulira, chokhala ndi kamchira kolozera kuchigongono pomwe madzi ake adayenderera.

Kuthokoza sindidathe, mwambo sunkalola kuti ndiwalankhule. Mwana atabadwa wamwamuna ndidauza agogo anu m'kalata kuti dzina ndasankha kale, ndipo asayerekeze kutsutsa. Ndiwo bambo anu aakulu a Selemani. Ndipo kuyambira tsiku lija mpaka matenda awo omaliza, madzi otawazira ndinkawapatsa ndine. Ndinkagwada, maso pansi, iwo n'kupinda mkanjo, ine n'kumathira.

Yusufu, dzana unkandifunsa kuti agogo aakuluwo ankaoneka bwanji, poti chithunzi chawo palibe. Ndidakuyankha kuti ndaiwala, koma ndidanama. Sindidaiwale, nkhope yawo sindidaionepo. Zaka zonsezo pakhomo limodzi, sindingakuuze ngati mphuno yawo idali ngati yakoyo. Koma atandiikira amuna a dziko lonse pamzere, aliyense atapinda mkono wamanzere, ndikhoza kuyenda ndi ndodo yangayi mpaka kukagwada pamapazi pawo.